Ulalo wa Jess

M'caka ca 1977, mai wina wa ku America, dzina lace Katherine Paterson, anatulutsa buku lochedwa Bridge to Terabithia. Bukuli lisimba za Jess, mnyamata wa zaka 10, ndi bwenzi lace Leslie, mtsikana amene anampambana pa liwiro.

Awiriwa anali kuoloka mtsinje polendewera pa cingwe comangidwa ku mtengo, nasewera m'nkhalango ya kutsidya, imene anaicha Terabithia. Pa sukulu pao panali mtsikana wamkulu, Janice Avery, amene anali kuzunza ana ang'ono ndi kuwalanda cakudya. Tsiku lina Leslie anampeza alikulira cifukwa anzace anaulula kuti atate ace anammenya. Pomwepo anazindikira kuti wozunza anzace nayenso ali ndi cisoni cace, ndipo anamtonthoza.

Tsono mvula inagwa yambiri, mtsinje nudzala. Jess anaopa madziwo, koma anacita manyazi kuuza mnzace. Tsiku limene iye anapita ku Washington ndi mphunzitsi, Leslie anayesa kuoloka yekha. Cingwe cinaduka, ndipo anamira.

Jess analira kwambiri. Patapita masiku, mlongo wace wamng'ono, May Belle, anamtsata pa nthambi ya mtengo yopingasa pa mtsinjewo, nalephera kupita patsogolo kapena kubwerera. Mtima wa Jess unagunda ndi mantha, komabe anamyandikira pang'onopang'ono, namgwira dzanja, namtsitsa bwino. Pambuyo pace anamanga ulalo wa matabwa kuti mwanayo aziolokera pomwepo. Mantha anali nao ndithu, koma cikondi cinaposa manthawo.