Za Kandege ka Matabwa ndi Katundu wa Citsulo

Aliyense amene anasenzapo mtolo adziwa kuti katundu ali ndi mabvuto awiri: kulemera kwace, ndi makhalidwe ace pamutu. Mtolo wa nkhuni womangidwa bwino munthu afika nao kumudzi cosapuma, koma kamtolo kakang'ono kopendekeka kapweteka khosi asanaoloke ndi dambo lomwe. Amtengatenga akale anacidziwa cimeneci, ndipo asodzi acidziwanso polonga makoka m'bwato. Komatu palibe wina amene cimkhudza kopambana munthu wopanga yekha ndege yace pakhomo, pakuti iye akalakwa pomanga katundu, m'mwamba mulibe potula.

M'mudzi wa Cherry Grove, m'dziko la Minnesota ku America, munali makaniko dzina lace Bernard Pietenpol, munthu wosapita patali ndi sukulu koma waluso m'manja. M'caka ca 1929 iye anaulutsa kandege ka anthu awiri kamene anakapala yekha ndi matabwa, nakakuta ndi nsaru, nakaikira injini ya galimoto ya Ford Model A. Kandegeko anakacha Air Camper. Mapulani ace anasindikizidwa mu 1932, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri m'maiko ambiri apanga tindege totere m'mashedi a kuseri kwa nyumba zao. Mapiko ace atalika mapazi 29 kucokera nsonga kufikira nsonga, ndipo kayenda monga mailosi 70 pa ora.

Tsono mwini kandege kotere, tsiku lina amva kuti mnzace wa kutali wathyola injini, ndipo iye ali nazo zitsulo zofunikazo m'shedi mwace. Pa mseu ndi ulendo wa tsiku lathunthu, koma m'mwamba ndi maora awiri okha. Mtima umuuza kuti, “Nyamula, ndege uli nayo.” Pamenepo munthu wanzeru ayamba wakhala pansi, natenga pensulo ndi pepala monga acita kalaliki pa buku la ndalama, pakuti mtima sudziwa kuwerengera.

Kandegeko popanda kanthu kalemera monga mapaundi 600, ndipo pouluka sikayenera kupitirira kwenikweni mapaundi 1,000. Otsala ndiwo 400. Mwini wace akalemera mapaundi 160, otsala ndi 240. Petulo nayenso ndi katundu, pakuti galoni limodzi la ku America lilemera mapaundi 6. Magaloni khumi acotsa 60, ndipo otsala ndi 180. Koma injini ya Ford yathunthu ipitirira mapaundi 200. Cotero masamu akana. Ngakhale masamu akanalola, khomo likanakana, cifukwa mpando wa kutsogolo, umene ndiwo malo okhawo a katundu, uli pansi pa phiko, pakati pa mizati ndi mawaya, ndipo ngakhale munthu wamoyo alowamo mopindika ngati wolowa m'nkhokwe. Citsulo sicipindika. Nzeru yace ndiyo kumasula injiniyo ciwalo ciwalo, mutu pa wokha, mapisitoni pa okha, ndi mtanda wokhotakhota uja amakaniko amaucha kirankishafuti pa wokhanso.

Bvuto laciwiri liposa loyambali, cifukwa silioneka ndi maso. Munthu akaika mpini wa khasu pa cala cimodzi, pali malo amodzi okha pamene mpiniwo ukhala cilili wosagwera uku kapena uku. Ndege nayonso ili nao malo otere, ndipo ayenera kukhala pansi pa phiko, capafupi ndi mlomo wace wa kutsogolo. Katundu akhoza kusuntha malowo, ndipo mphamvu yace ndiyo kulemera kwace kuculukitsa ndi kutalika kwace kucokera pamalopo. Citsulo ca mapaundi 20 coikidwa mapazi khumi kumbuyo, cakumcira, cikoka molingana ndi mapaundi 200 oikidwa phazi limodzi lokha. Apa ndipo ambiri anyengedwa. Aona danga lopanda kanthu kumbuyo kwa mpando, naponyamo kacitsulo nati, “Aka n'kopepuka.” Ndege yolemera kumphuno ibvuta kudzuka pansi ndiponso ibvuta potera, koma yolemera kumcira ndiyo yoopsa, cifukwa itukula mphuno yokha, liwiro licepa, mapiko aleka kugwira mphepo, ndipo pafupi ndi nthaka palibe mpata wokonzera. Pietenpol anacisamala kwambiri cinthu cimeneci, kotero kuti phiko la kandege kace likhoza kusunthidwa pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo pa mizati yace, kuti lilingane ndi kulemera kwa injini ndi kwa mwini wace.

Katundu akapeza malo ace, atsala mamangidwe. Munthu wokwera agwira ndi manja mphepo ikamagwedeza ndege, koma citsulo ciribe manja. Ndege ikapendeka kwambiri pokhota, cinthu ciriconse m'katimo cikhoza kulemera kawiri, ndipo ikagwa m'dzenje la mphepo katundu anyamuka pampando nagweranso pansi mwamphamvu. Pansi pa kandegeko ndi thabwa lopyapyala, ndipo nsonga ya citsulo ikhoza kuliboola. Ndiponso m'malo omwewo muli ndodo yaciwiri yoongolera, ndi mawaya opita kumcira, ndipo mapazi a woyendetsa, amene akhala kumbuyo, afika m'mbali mwa mpando wa kutsogolowo. Kamtedza kamodzi ka citsulo kakagubuduka nikapanikiza ndodo ija, ndege siimveranso mwini wace. Cifukwa cace mmisiri wosamala akhetsa mafuta onse m'zitsulo, azikulunga m'masaka, ayala thabwa lokhuthala pansi, namanga malamba ku mitanda yeniyeni ya ndege, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mwamba momwe. Akumbukanso kuti citsulo cacikuru pafupi ndi kampasi cisoceretsa singano yace, ndipo munthu akhoza kulunjika kumene sanafune.

Wina angayese kuti awa ndi mabvuto a tindege tating'ono tokha. Iai. Pa 29 April 2013, ku Bagram m'dziko la Afghanistan, ndege yaikuru ya Boeing 747 inanyamuka itasenza magalimoto asanu olemera a asilikali. Malamba sanakwanire, galimoto ina inadula zomangira zace, inatsetserekera kumbuyo niononga zoongolera za kumcira, ndipo ndegeyo inagwa. Anthu asanu ndi awiri onse amene anali m'katimo anafa.

Koma nkhani ya ku New Guinea isonyeza cimene kudekha kukhoza kucita. M'cigwa ca Bulolo munapezeka golidi, koma mapiri anatsekereza njira ndipo kunalibe mseu wocokera ku nyanja. Makina okumbira golidiyo anali akuru ngati nyumba zosanja. Eni ace anayamba ayesa mphamvu ya ndege ya Junkers G 31, imene inasenza monga matani atatu, nauza osula kuti ciwalo ciriconse cisapitirire muyeso umenewo. Ndegezo zinali ndi khomo pamwamba, ndipo zitsulo anazitsitsiramo ndi makina onyamulira. Kuyambira 1931 zinauluka ulendo ndi ulendo kucokera ku Lae, ndipo mu 1932 makina oyamba anayamba nchito. Potsiriza makina otere asanu ndi atatu anaima m'cigwamo, onse odzera m'mwamba. Akuluakulu ananena zoona kuti pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Cotero mwini kandege uja, atatha masamu ace, kawirikawiri apeza kuti mutu wa injini ndi mapisitoni zikhoza kupita lero, kirankishafuti mawa, koma thupi la injini liyenera kukwera lore. Mnzace kutaliko adzadandaula ndi kucedwa, ndipo oonerera pabwalo adzaseka kuti, “Nanga ndegeyo munaipangiranji, bambo?” Mau otere apweteka munthu amene anatha zaka zace akupala matabwa, ndipo ndiwo amakankhira ambiri kuonjezako citsulo cimodzi. Iye amene anaipanga ndi manja ace adziwa mtanda uliwonse ndi guluu yense ali m'menemo, adziwanso kuti palibe kampani imene inamyesera ndegeyo, ndipo palibe wina womletsa koma iye mwini. Ayang'ana pepala lace kaciwiri, natsitsa thupi la injini, nalikankhira ku mseu kuti lidikire lore.