Chisangalalo cha Ana ndi Thumba la Makolo

Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wopita ndi ana ku Chionetsero cha Malonda ku Chichiri wasanduka mtolo wolemera kwa ife makolo a ku Phalombe. Minibasi, ndalama ya pakhomo, zakudya ndi maseŵera, zonsezi zakwera mtengo, koma kukoma kwake kutha dzuŵa lisanaloŵe. Kodi nkoyenera kugulitsa thumba la nandolo chifukwa cha tsiku limodzi? Ife titi iai. Pakati pa Michesi ndi Mulanje pali mabwinja a Fort Lister, linga lomangidwa mu 1893 kutsekereza ogulitsa akapolo. Tiyeni tikwere kumeneko ndi ana athu, mbatata yootcha kumanja. Adzabwerako atatopa, koma ndi mbiri yodzasimbira adzukulu ao.