Matope a m'dimba ndi khungu la mlimi

Dimba langa lili m'dambo chakumunsi kwa Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu wa M1 umadutsa m'malire ndi Mozambique. Ndimalima matimati, kabichi, mpiru, repu ndi anyezi, ndipo zambiri zimathera pamsika wa m'mbali mwa msewu, m'manja mwa mavenda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ogulawo amadziwa mtengo wa beseni la matimati. Ndi ochepa amene amadziwa kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi khungu, ndi kuti ena a ife timaikondera chomwecho chimene anzathu amaithawira, kuti imadetsa.

Dothi la m'dambo mwathu ndi makande, lakuda bii. Chilimwe limauma kuti gwa n'kung'ambika, koma likangomwa madzi limamata paliponse, kukhasu, kumapazi, kuchitenje. Khasu limatipula ndi kuphwanya zibuma, koma silingakuuzeni ngati bedi lapsa. Amakuuzani ndi manja. Ndimatapa dothi lodzaza chikhatho n'kulifumbata. Likatuluka madzi pakati pa zala, ndiye kuti ndathirira mopyola, mizu idzaola. Likayoyoka ndisanatambasule n'komwe dzanja, ndiye kuti lili ndi ludzu. Lomwe ndimafuna ndi loumbika, koma loti ndikalikhudza ndi chala chachikulu liphwanyike lokha. Pothirira namonso sindikhulupirira maso, chifukwa pamwamba pamatha kuoneka ponyowa pansi pali pouma. Ndimazika chala mpaka chibisike, ndipo chala chimenecho ndicho chimandiuza makeni oti ndithire.

Nthawi yowokera ndiyo imandikoma kuposa zonse. Timawokera madzulo, dzuwa litapendeka, kuti mbande zisafote. Nazale ndimayamba ndaithirira kuti mbande izuke ndi dothi lake. Kenaka ndimagwada m'mbali mwa bedi, maondo m'matope, kuboola phando ndi zala ziwiri, kukhazika kambande ka kabichi, n'kutsindira pang'ono m'mbali mwake ndi nsonga za zala. Matope a madzulo amazizira kuti zii, amalowa m'zikhadabo, amakwera mpaka m'zigongono. Nyongolotsi ikatulukira pachikhatho ndimaibwezera pansi mosamala, poti ndiyo imandiuza kuti manyowa agwira ndipo nthaka ili moyo. Mzere ukamatha, nkhope imakhala ili ndi mizere yamatope pomwe ndimapukuta thukuta, msana ukuwawa, koma mtima uli m'malo. Mavuto a kunyumba, ngongole ya feteleza, fizi ya ana, zonse zimakhala zatsalira kumpanda. Kamuzu ankakonda kunena kuti chuma chili m'nthaka. Ine ndimaonjezapo kuti ndi mtendere womwe uli momwemo, koma saupeza munthu woima chilili manja ali m'thumba.

Palinso manyowa. Alangizi anatiphunzitsa kompositi wa chimato: kusanjikiza mapesi, masamba aawisi, ndowe ndi phulusa, kuwaza madzi, kenaka kumata mulu wonsewo ndi matope ngati nkhokwe. Tsiku lomata chimato ana saitanidwa kawiri. Amaponda matope akuimba, amatapa, amapaka, amabwerera kunyumba osazindikirika. Sindiwakalipira. Mwana amene wamata chimato n'kudzaona patapita miyezi kuti zinyalala zija zasanduka dothi lakuda lonunkhira bwino sadzanyansidwanso ndi ulimi. Manyowa a Mbeya nawo timasakaniza pamanja, gaga, phulusa, ndowe zouma, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba kwa masiku 21. Amenewa ndi amene amaononga manja, chifukwa phulusa likanyowa limadya mafuta a pakhungu, ndipo feteleza akapeza kabala amaluma koopsa.

Matimati ali ndi litsiro laolao. Mukamachotsa mphukira ndi kumangirira mitengo ku timitengo, zala zimayamba kubiriwira, kenaka zimada, n'kukhala ndi chikhungu chomata chimene madzi okha sachotsa. Mukapaka sopo thovu lake limatuluka lachikasu, mutsukuluze, mupakenso, lachikasu ndithu, mpaka kudetsa nsalu yopukutira. Mankhwala ake ali m'dimba momwemo. Ndimatola timati laliwisi logwa pansi, kuliphwanya m'manja n'kutikita zala zonse, kapena kufinyira ndimu. Kuwawasa kwakeko kumasungunula utomoni uja, ndiye sopo amangomaliza.

Mwana wa mchimwene wanga, amene akuphunzira ku Lilongwe, anabwera patchuthi n'kundipeza ndikuwokera. Anandiyang'ana manja n'kunena kuti, "Azakhali, bwanji osavala magolovesi? Manjawa atha." Ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, mbande ya anyezi ndi yopyapyala, ndi golovesi ndingaithyole osadziwa. Magolovesi ndili nawo, koma ali ndi tsiku lake."

Tsiku lake ndi lopopera. Apa ndiye sindiseka ndi munthu. Pali litsiro la dothi, limene limachoka ndi madzi, ndiye pali mankhwala ophera tizilombo, amene amalowa pakhungu ngakhale popanda bala. Zimandipweteka mtima kuona mnyamata ataberekera sipuleya yodontha kumsana, malaya atanyowa ndi Cypermethrin, akuvundula mankhwala ndi dzanja, pomaliza n'kukhala pansi kusenda nzimbe asanasambe. Popopera pamafunika malaya aatali manja, majombo, magolovesi a labala ndi chophimba kumphuno. Mukamaliza musambe thupi lonse ndi sopo nthawi yomweyo, kutali ndi chitsime, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za ana.

Ndowe zaziwisi nazo si zogwira ndi dzanja la bala. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timakonda bala lakuya, la msomali, la waya kapena la chitsa. Ife amayi timabayidwa katemera wake kusikelo tikakhala oyembekezera, koma abambo ambiri sakumbukira n'komwe kuti anabayidwa liti. Madzi okhazikika okhala ndi nkhono amabweretsa likodzo, makamaka kuchigwa kotentha ngati ku Bwanje, ndipo tizilombo take timaboola khungu la munthu woima m'madzimo. Njoka zina za m'mimba, zija zimatha magazi, zimalowera kuphazi pamene munthu waponda dothi loipitsidwa ndi chimbudzi cha anthu. N'chifukwa chake m'dimba mwanga ndi m'tchire lozungulira palibe amene amadzithandiza. Pabedi langa, limene ndikulidziwa, ndimavula nsapato n'kumva dothi kuphazi. Ku khola ndi kungalande ndimavala majombo.

Tsono kusamba. Anthu ambiri amayesa kuti kusamala khungu ndi za m'tauni, za okhala m'maofesi. Ine ndimati mlimi ndiye woyenera kusamala kwambiri. Khasu sitiligoneka ndi matope, timalipala n'kuliika pamthunzi kuti lisachite dzimbiri. Nanga manja ogwira khasulo tiwasiyirenji?

Kusamalako kumayamba ntchito isanayambe. Zikhadabo ndimawenga zifupizifupi, ndipo m'mawa ndimakanda nazo sopo wamtanda kuti alowe kunsi kwake. Dothi likabwera limapeza malo atadzaza kale, ndiye madzulo zimayera mosavuta, popanda kuzitokosa ndi kamtengo mpaka kutuluka magazi. Mpini watsopano ndimaupala ndi phale la botolo mpaka usalale kuti see, chifukwa matuza ambiri amabwera ndi mpini wokhakhala. Thuza likatuluka sindiliphulitsa, ndimalimanga ndi kansalu koyera kuti liphwe lokha. Kumutu chipewa chamlaza pamwamba pa duku, pakuti dzuwa la Okutobala silisankha kuti khungu ndi lakuda.

Matope aakulu ndimachotsera kudimba komweko ndi madzi a m'keni asanaume, chifukwa makande akaumira pamwendo amakoka khungu n'kulisiya litatuwa mbuu. Kunyumba ndimafunditsa madzi, ofunda chabe, osati otentha. Madzi otentha amakoma m'mwezi wa Juni, koma amasiya thupi louma ndi loyabwa. Sopo waufa wochapira zovala ndimamuletsa pathupi. Amayeretsa msanga, inde, koma akachotsa litsiro amachotsanso mafuta onse, mawa lake zala n'kuyamba kusupuka. Sopo wosambira ndi chinkhupule zakwana. Chinkhupule ndimadzala ndekha kumpanda, chimayanga chokha, chikauma ndimasenda, kukutumula njere, n'kudula zidutswa zokwana banja lonse.

Mapazi amafuna nthawi yaoyao, ndipo apa sindithamanga. Ndimakhala pampando, mapazi m'beseni, mpaka chikhungu cha kuchidendene chifewe n'kuyera. Kenaka mwala wanga wokwechera, wokhakhala pang'ono, umene sindibwereketsa. Ndimakwecha mozungulira m'mphepete mwa chidendene, pang'onopang'ono, kuchotsa chakufa chokha. Ena amatenga lezala n'kumasenga, zimene ndimakana kwamtuwagalu, chifukwa khungu lokhuthala la kuphazi ndi la m'chikhatho ndilo limatiteteza. Chofunika n'kuti likhale lofewa, osati kuti lithe. Likakhuthala mouma ndi pamene limang'ambika, ndipo amene anadwalapo ming'alu nthawi ya mwera akudziwa ululu wake: kuponda pansi m'mawa, mng'alu n'kutseguka, magazi n'kuonekera, kenaka dothi n'kulowamo. Munthu wotere sathirira mabedi onse, amasiya ena. Pakati pa zala zakumapazi ndimapukuta mpaka paume, makamaka nthawi ya dzinja, poti chinyontho cha m'majombo chimayambitsa zilonda zoyabwa pamenepo.

Mafuta ndimadzola khungu lisanaumiretu. Ichi n'chimene ambiri amaphonya. Vaseline payekha sapereka madzi kukhungu, amangotsekera amene alipo kuti asathawe, ndiye mukadzola pathupi louma kale mumangonyezimira pamwamba pokha. Kumiyendo ndi kumikono ndimayamba ndi giliserini wosungunula ndi timadzi m'chikhatho, pamwamba pake Vaseline. Kuchidendene ndimapaka wambiri, kumukanikizira m'ming'alu ngati ilipo, n'kuvala masokosi pogona. Usiku wozizira wa ku Lizulu masokosiwo amagwira ntchito ziwiri.

Agogo anga aakazi sankadziwa botolo la m'sitolo, koma mapazi awo ndinkawasirira. Ankakazinga njere za nsatsi, kuzisinja, kuziwiritsa m'madzi n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba, kuwasunga m'nsupa. Mafuta a nsatsi ndi olemera, amakanirira pakhungu, ndipo pa ming'alu sindinaone owaposa. Ndimayengabe ochepa chaka ndi chaka, ndikusamala kuti njerezo zisafike kwa ana ndi nkhuku, pakuti n'zapoizoni. Pamene dzuwa latentha pakhosi kapena udzu wandicheka, ndimathyola tsamba la alovera kuseri kwa nyumba n'kupaka madzi ake oterera.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi atsikana amene akudzola mafuta oyeretsa khungu n'kumabwera kudimba. Mafuta amenewo amapyapyalitsa khungu, ndiye dzuwa likawomba masaya amapsa n'kusiya zipsera zakuda, kabala kakang'ono kamachedwa kupola. Ndimawauza kuti, "Ana inu, khungu limene munabadwa nalo ndi limene lingapirire ntchito ino. Lisambitseni, lidzozeni, koma musalisende." Ena amamva, ena amaseka.

Abambo nawo ali ndi vuto lao. Bambo wa kunyumba kwanga ankati kudzola n'kwa amayi, mwamuna amangosamba basi. Anthu oganiza chotere ndi amene mumawaona pamsika akutsimphina ndi zikang'a, zikhatho zitang'ambika m'mizere moti kugwira chingwe cha ngolo n'kulira. Masiku ano botolo la Vaseline limatha msanga pakhomo pathu, ndipo si ine ndekha ndimalimaliza. Lamulungu tikamapatsana moni kutchalitchi, manja athu amadziwika kuti ndi a alimi, olimba, koma sakanda dzanja la mnzathu.

Inu amene muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba, kaya ndi ku Area 25 kaya ndi ku Ndirande, gaulani kabedi kamodzi mudzale mpiru, ndipo ana asiyeni agwire dothi. Pamwala wosambira pasasowe sopo, chinkhupule ndi mafuta. Koma mukabayidwa ndi msomali kapena chitsa m'munda, musathire dothi pabalapo monga amachitira ena. Tsukani ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.