Ku Insaca Kwatsala Mthunzi wa Mango

Mukachoka pa Entre Lagos, pomwe njanji ya ku Nacala imalowera m'Malawi, n'kulunjika ku Insaca, yang'anani m'mbali mwa msewu. Mango ngambiri, chifukwa palibe amadula mtengo wodyetsa ana. Koma mombo, tsamba ndi msuku, abale anga, mpaka mutalowa kutali m'tchire.

Yapita kuti? Ina yapita m'matumba a makala omwe anyamata amakankha panjinga. Ina yamangira zigafa za fodya. Yambirinso yathera kunyanja, kuwambira milamba ya ku Chilwa ndi Chiuta. Sindikunyoza munthu ayi, pakhomo pamafunika mchere ndi sopo.

Komatu Chilwa ndi nyanja yosazama, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Dothi lokokoloka m'mapiri osala limakakhazikika momwemo. Nyanjayi inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Chilala ndicho chinayambitsa, koma mitsinje yopanda mitengo m'mbali imasefukira mu Januwale, pofika Ogasiti ndi mchenga wokhawokha. Amayi nawo akudandaula za bowa, pakuti bowa wam'tchire amamera pamizu ya mombo ndi msuku, osati pansi pa bulugamu.

Chomwe ambiri sitilabadira ndi zitsa. Mombo ukadulidwa sufa msanga, chitsa chimaphukanso popanda kuthirira kapena kugula mbande. Chimene chimapha mphukirazo ndi moto wosakira mbewa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa. Mafumu athu, nkhani ya moto imeneyi muiyike pabwalo chilimwe chisanafike.