Pa siteshoni ya Luchenza, kale lija

Bambo anga anali wotembenuza njanji pa Luchenza, choncho ine ndinakulira m'nyumba za anthu a njanji, moyang'anana ndi thanki ya madzi. Wotchi m'nyumba mwathu munalibe. Mayi ankatereka mphika akamva sitima ikulira kumtunda kuchokera ku Limbe, ndipo ife ana tinkadziwa ndi mapazi, chifukwa nthaka inkayamba kunjenjemera utsi usanaoneke.

Agogo ankati njanji inapeza thengo. Inachokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, n'kuwoloka Shire pa Chiromo, n'kukwera motsata Ruo mpaka kukafika ku Blantyre mu 1908. Tauni inabwera pambuyo, kutsata siteshoni ngati anapiye kutsata make: sitolo za amwenye, msika, malo ogona alendo. Mlatho wa Dona Ana utatha pa Zambezi mu 1935, bogi yodzazidwa pakhomo pathu inkatha kuyenda osatsitsa katundu mpaka kunyanja ku Beira.

Ndikatseka maso ndimaonabe chilichonse pamalo pake. Nyumba ya siteshoni inali ndi khonde loyang'ana kunjanji, kawindo kogulira matikiti, ndi ofesi ya siteshoni masitala mmene munkalira telefoni. Pakhondepo panali sikelo yaikulu yachitsulo yomwe tinkaiponda mobisa kuti tione singano ikuyenda. Kutsogolo kunkadutsa njanji yaikulu, pambali pake ina yopatukira kuti sitima ziwiri zipatsane mpata, kenako ina yokathera kushedi. Ntchito ya bambo inali kumapeto, pamene njanjizo zimakumana. Ankakoka chitsulo cholemera ndi manja onse awiri, njanji n'kulira kuti kha! Akatero ankawerama kuyang'anitsitsa ngati palibe mwala wotsalira pakati, kenako n'kukweza mbendera yobiriwira. Manja awo ankanunkha girizi ngakhale Lamulungu kutchalitchi.

Kushedi kunkanunkhira tiyi. Malole ochokera m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo ankabwera ndi mabokosi amatabwa, amuna n'kumawasenza pamsana akuimba, thukuta lili kamukamu. Tiyi ameneyo ankamwedwa ku London, pamene osenzawo ambiri ankalawa phala lopanda shuga m'mawa. Zimenezo ndinazizindikira nditakula, ndipo zimandiwawabe.

Koma tsiku lenileni linali la sitima ya anthu yochokera kumunsi. Isanaime n'komwe, amayi anali atazungulira kale mawindo a fedi kalasi, malichero ali m'mwamba: chinangwa chophika, zitumbuwa, kalongonda. M'mabogi munkatsika milamba youma ya ku Chiromo, mbatata ya ku Makhanga, mikoko ya nthochi ya ku Thekerani ndi Sandama. Chisena, Chilomwe ndi Chimang'anja zinkamveka pa khonde limodzi, ndipo palibe ankafunsa mnzake kuti kwanu n'kuti asanamupatse malo pabenchi.

M'sitima imeneyo ndi mmene munatsika mnyamata wa ku Bangula amene anakwatira achemwali anga. Tsiku lowatenga, mayi anaima pakhonde akupukuta misozi ndi chitenje. Bambo anawauza kuti, “Musalire, amake mwana. Njanji ndi yomweyi, akatisowa akwera.” Ndipo ankakweradi, chaka ndi chaka, atanyamula nsomba ndi ana.

Zinthu sizinafe tsiku limodzi. Injini za malasha zitasiyira za dizilo, thanki inauma. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, tiyi n'kuyamba kuyenda pamsewu, shedi n'kukhala chete. Kenako mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, ndipo sitima inayamba kubwerera pa Makhanga. Bangula ndi Nsanje zinatsala tsidya lija. Madzi a mu 2015 anadzaononganso zomwe zinatsala kumunsiko. Bambo anamwalira asanaone zimenezi, ndipo nthawi zina ndimati Mulungu anawachitira chifundo.

Uthenga wa maliro a achemwali unandipeza madzulo. Mapazi anganditengera okha kusiteshoni, monga mwa chizolowezi, ndipo ndinaima pakhonde paja kanthawi ndisanakumbuke. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ina ya ku Blantyre, ina yotsika mapiri kudzera pa Thabwa, Chikwawa ndi Nchalo, ndipo iliyonse inkadikira kuti idzaze. Pamene ndinkafika ku Bangula dzuwa linali litapendeka. Ndinakumana ndi adzukulu panjira akuchokera kumanda, makasu ali paphewa.