Lamba wa Chikwama Changa

Chikwama chimene ndimanyamuliramo mabuku anandigulira amayi pamene ndinasankhidwa kubwera kusekondale kuno. Anagulitsa mtedza umene anasungira mbewu kuti apeze ndalama zake, ndipo pondipatsa anati, "Mwanawe, chikwamachi chikufikitse Folomu 4. China ine sindidzagula."

Tsiku lina m'mwezi wa January, mvula itagwa usiku wonse, ndinali kuthamanga kuopa kuchedwa. Polumpha chithaphwi lamba anaduka, chikwama n'kungoti chubwi m'madzi. Makope onse ananyowa, pamodzi ndi buku la Masamu la sukulu, limene ndikadaliononga ndikadalipira. Madzulo ndinaliumitsa pafupi ndi moto, koma za lamba sindinawauze amayi, pakuti ndinadziwa kuti m'nyumba mulibe ndalama.

Usiku womwewo ndinatenga singano ya mlongo wanga ndi ulusi wosokera malaya, ndipo ndinalumikiza nsonga ziwirizo mofulumira. Patangopita masiku awiri lamba anadukanso pamalo pomwepo. Zoonadi kuthamanga sikufika.

Tsono Loweruka ndinapita kwa agogo aamuna, amene anali telala pakhonde la sitolo zaka zambiri. Maso awo anafooka, motero anafufuza lambayo ndi zala, kenaka anaseka.

"Iwe mdzukulu, wasoka ngati ukusoka batani. Chikwama cha mabuku ncholemera. Nsonga za lamba sizikumana pakamwa ayi, zimagonerana."

"Nanga sindingathe kungomanga mfundo, agogo?"

"Mfundo ikutupitsa phewa. Tenga lumo."

Poyamba anandiuza kudula ulusi wonse woyoyoka. Kenaka anatenga kachidutswa nakaika pa moto wa kandulo. Kanasungunuka n'kuuma ngati kamwala. Anati chimenecho nchizindikiro chakuti lambayo ngwa nayiloni, ndipo nsonga zake zimatsekedwa pozipsereza pang'ono. Lamba wa thonje sasungunuka, amangopsa n'kusanduka phulusa, choncho nsonga yake imapindidwa mkati. Pambuyo pake aphunzitsi a Sayansi anatiuza kuti nayiloni anapangidwa koyamba ku America m'chaka cha 1935. Agogo chakacho sachidziwa, koma khalidwe lake amalidziwa bwino.

Tinagoneka nsonga ina pamwamba pa inzake kutalika kwa zala zitatu, ndiwo masentimita ngati 5. Ulusi unali wolimba wosokera nsapato, ndipo tinaupaka phula la njuchi kuti usakolane ndiponso usanyukutike msanga. Popeza lambayo anali wochindikala, ndinayamba ndaboola timabowo ndi msomali wonola. Kasokedwe kake kanali kobwerera: singano ipite patsogolo, kenaka ibwerere kulowa pa bowo lakale. Ndinasoka mbali zinayi ngati kabokosi, ndipo mkati mwake ndinadutsitsa mizere iwiri yopingasa kuchokera pangodya kufika pangodya. Agogo anati tikatero kulemera kwa mabuku kumagawanika, sikugwera pa msoko umodzi. Ntchitoyo inanditengera ola lathunthu, ndipo ndinadzibaya kawiri pachala.

M'mwezi wa September alangizi a ziweto analengeza kuti agalu onse akalandire katemera wa chiwewe, ndipo aliyense abwere ndi galu wake atamumanga. Galu wathu Bobi anali atatafuna lamba wake pafupi ndi kachitsulo kokolera m'khosi. Agogo anali kudwala, motero ndinagwira ntchitoyo ndekha. Ndinadula potafunidwapo, ndinapisa nsonga m'kachitsulo, ndinaipinda, n'kusoka kabokosi kanga kaja.

Pabwalo la katemera panali agalu ambiri ndi ana aang'ono oonerera. Mwadzidzidzi Bobi analumpha kufuna kuluma galu wina amene anagwiridwa ndi kamtsikana. Anakoka mwamphamvu mpaka ndinagwada pansi, dzanja n'kusupuka. Mtima unali phaphapha, maso ali pa msoko wanga. Koma sunasomphoke ngakhale ulusi umodzi. Ukadakhala msoko wanga woyamba uja, sindidziwa chikadaoneka mwanayo.

Amayi anadzauona msoko wa pachikwama tsiku lina pochapa. Anautembenuza uku ndi uku, osanena kanthu. M'mawa mwake ndinapeza chikwama chawo chopitira kutchalitchi chili pamphasa yanga, lamba wake ali lendelende.

Inu anzanga, ndaona zikwama zambiri m'kalasi mwathu zomangidwa ndi mawaya ndi mapini, ndipo zina zimatayidwa nsalu yake ikadali yolimba. Makolo athu amavutika kuti apeze ndalama zogulira zinthu zimenezi. Amene lamba wake waduka andipeze nthawi yopuma pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa laibulale. Abwere ndi ulusi wake. Singano, phula ndi msomali ndili nazo. Koma asoka yekha, monga anandichitira agogo.

Mnyamata wa Folomu 2