Kanema Wathu Aonetse Chiyani?

Ambiri a ife kuno ku Mitande tinayamba kuona kanema pabwalo la tchalitchi, pa chinsalu chomangirira ku nsungwi ziwiri, jenereta ikulira kuseri kwa nyumba. Inali filimu ya Yesu ija, yopangidwa mu 1979 kuchokera mu Uthenga wa Luka. Masiku amenewo tinali oonerera chabe. Koma chiyambire 2012, pamene kampani ya Movitel inayamba kufikitsa netiweki m'midzi, makina ojambulira analowa m'matumba mwathu, ndipo lero ojambula ndife.

Ubwino wake tinauona mu 2020. Mliri wa korona utafika, boma linaletsa misonkhano ya mapemphero mu April, ndipo abale a m'mabungwe otithandiza analeka kutulukira pa chipata cha Chiponde ndi Mandimba. Ntchito ya ana amasiye ikanaima. Tinaphunzira kuimika foni imodzi pa tebulo, akulu a mpingo atakhala mozungulira, nkumakambirana pa WhatsApp ndi anzathu a ku Cuamba, ku Ngauma ndi kutsidya kwa nyanja. Msonkhano umene kale unkadya masiku awiri ndi ndalama za ulendo unkatha dzuwa lisanapendeke. Kolera atabuka m'chigawo chino cha Niassa mu September 2022, achinyamata athu anajambula kanema wamfupi wophunzitsa kasamalidwe ka madzi akumwa m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa, ndipo anayenda kuchoka pa foni kupita pa foni mpaka kumidzi kumene ife sitinapondeko. Pa zimenezi tiyamika Mulungu.

Koma pali pempho lina limene limatisautsa mtima. Othandiza amati, “Titumizireni kanema wa amene alandira thandizo.” Sitiwadzudzula ayi. Ndalama ndi za eni ake, ndipo opereka ayenera kuona kumene zapita. Ngakhale Paulo, pa 2 Akorinto 8, anafuna kuti abale odalirika aperekeze chopereka cha ku Yerusalemu kuti pasakhale womunenera zoipa. Komabe tonse tikudziwa kanema amene amakoka ndalama msanga: mwana wa malaya ong'ambika, mayi wamasiye akupukuta misozi pakhomo la nyumba yodontha.

Tiyeni tiganizire za mayi ameneyu. Abusa afika ndi thumba la chimanga, mnyamata wa foni ali pambuyo, ndipo amufunsa ngati alola kujambulidwa. Kodi angakane, thumba lili pamaso pake? Amavomera, koma chavomeracho ndi njala. Sadziwa kuti kanema akachoka sabwerera. Adzaonetsedwa m'matchalitchi a anthu osawadziwa, mwina adzafika pa Facebook, ndipo mwana wake amene akugwira ganyu ku Nampula kapena ku Johannesburg adzaona mayi wake akulira pa foni ya mnzake. Ambuye pa Mateyu 6 anatichenjeza za kuthandiza osauka mofuna kuonedwa ndi anthu. Kumeneko ankanena za kunyada kwa wopereka, koma ife abusa a kumudzi taonanso manyazi a wolandira.

Nchifukwa chake bwalo la akulu a mpingo linagwirizana kuti thandizo liziyamba laperekedwa, foni ili m'thumba. Za kujambula zizifunsidwa tsiku lina, m'chilankhulo cha mwini wake, ndipo wofunsa akhale mayi wa chigwirizano, osati abusa, pakuti kukanira abusa nkovuta. Wojambulidwa aone kanemayo asanatumizidwe. Nkhope ya mwana isajambulidwe popanda womulera, ndipo matenda a munthu asatchulidwe konse. Wokana adzalandira gawo lake monga wina aliyense.

M'malo mwake timajambula mjigo ukutulutsa madzi, munda wa mpingo, buku la ndalama litatsegulidwa, ndi komiti ikuwerenga matumba. Chodabwitsa nchakuti amayi ena, atamva kuti angathe kukana, anapempha okha kulankhula. Anavala zitenje zawo zabwino, nayankhula ataima.

Bungwe lina linakondwera ndi dongosololi. Lina linatiuza poyera pa msonkhano wa pa foni kuti makanema otere sakhudza mitima ya opereka, ndipo mpaka lero silinatiyankhe za mbewu ya chaka chino. Mvula yoyamba timaiyembekezera mu November, ndipo mabanja amene ali pa mndandanda wathu akonza kale minda. Tikupempha mipingo yonse imene idzawerenge kalatayi kuti iike nkhaniyi m'mapemphero, ndipo amene ali ndi mbewu yotsala ya chimanga kapena nandolo aipereke kwa atumiki a mpingo wawo mwezi uno usanathe.